Kodi Boma Lingaphe Munthu Wosadziwa Chimene Akufera?

Sabata ino tilingalire za mlandu umene unasautsa mabwalo a milandu a ku America kwa zaka zoposa 30.

M'chaka cha 1992, m'tauni ya Fredericksburg ku Texas, bambo wina dzina lake Scott Panetti anawombera ndi kupha apongozi ake onse awiri, mkazi wake ndi mwana wawo wamng'ono akuona. Palibe amene amatsutsa kuti iye ndiye anachita zimenezi. Koma tsokali lisanagwe, bamboyu anali atagonekedwapo m'zipatala maulendo oposa 10 chifukwa cha misala. Madokotala anamupeza ndi matenda a schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zimene kulibe. Nthawi ina anakwirira pansi mipando ya m'nyumba mwake poganiza kuti muli Satana.

Mlandu wake utalowa m'bwalo mu 1995, analoledwa kudziyankhira yekha popanda loya. Anafika atavala ngati woweta ng'ombe wa m'mafilimu, ndipo pa mboni zimene anafuna kuti ziitanidwe panali Yesu Khristu, Papa, ndi John F. Kennedy amene anali ataphedwa kale mu 1963. Ngakhale zinali chomwecho, bwalo linagamula kuti aphedwe.

Bwalo lalikulu la dzikolo linali litanena kale mu 1986, pa mlandu wa Ford, kuti boma lisaphe mkaidi amene wapenga. Mu 2007, pa mlandu wa Panetti yemweyu, linaonjezera kuti sikokwanira kuti mkaidi adziwe kuti aphedwa. Ayenera kumvetsa ndi nzeru zolongosoka chifukwa chimene akuphedwera. Panetti ankakhulupirira kuti boma lagwirizana ndi Satana kuti amuletse kulalikira Uthenga Wabwino. Komabe nkhani sinathere pamenepo. Mu 2014 anapulumuka kutangotsala maola ochepa kuti abayidwe jekeseni wakupha. Mu 2023 woweruza anagamula kuti sangaphedwe chifukwa cha matenda akewo, ndipo mu 2025 anamwalira ndi matenda ali mkaidi.

Pamene pagona vuto ndi apa. Zigamulo zimenezi zimayang'ana mutu wa munthu pa nthawi yoti aphedwe, osati pa nthawi imene anapalamula. Bwalo lomwelo linateteza anthu obadwa ndi nzeru zoperewera mu 2002, ndi amene anapalamula asanakwanitse zaka 18 mu 2005, ponena kuti kulakwa kwawo sikungafanane ndi kwa munthu wamkulu wanzeru zake zonse. Nanga wodwala misala yaikulu wasiyana nawo pati? Zigawo za Ohio mu 2021 ndi Kentucky mu 2022 zinaona zimenezi, nkukhazikitsa malamulo oteteza odwala otere ku chilango cha imfa.

Ife Akatolika mfundo iyi tinaiphunzira tili ana pokonzekera Ukaristia woyamba. Kuti tchimo likhale lalikulu pamafunika zinthu zitatu: chinthucho chikhale choipa kwambiri, munthu adziwe bwino kuipa kwake, ndipo achichite mwa kufuna kwake. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 1735, amaphunzitsanso kuti kusokonekera kwa maganizo kungathe kuchepetsa kapena kuchotseratu mlandu wa munthu pa zimene wachita. Tsono ngati Mulungu, amene amaona za mumtima, amayeza munthu molingana ndi kuzindikira kwake, ife oona zakunja zokha tingalimbe mtima bwanji kupereka chilango chosabwezeka kwa munthu amene nzeru zake zinasweka?

Wina anganene kuti, nanga awiri aja anaphedwa, magazi awo angopita pachabe? Funsoli ndi loyenera, ndipo Mkhristu asalipeputse. Banja lija linavulazidwa koopsa, ndipo munthu woopsa ayenera kutsekeredwa kuti asavulazenso ena. Koma kutsekera nkwina, kupha nkwina. Chilango chimakhala ndi tanthauzo pamene wolangidwayo akutha kugwirizanitsa zimene anachita ndi zimene zikumuchitikira, kuti mwina alape. Kupha munthu amene akuganiza kuti akufera Uthenga Wabwino sikumuphunzitsa kanthu, ndiponso sikungaopseze wodwala wina amene mawu a m'mutu mwake akumulamula. Ena amaopa kuti zigawenga zizinamizira misala. Kunamizira kulipo ndithu, koma mbiri ya kuchipatala ya zaka zambiri mlandu usanachitike siipekeka tsiku limodzi.

Mpingo wapita patsogolo kuposa apa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Evangelium Vitae ya mu 1995, anakumbutsa kuti ngakhale Kaini, wopha mbale wake, Mulungu anamuika chizindikiro kuti asaphedwe. Mu 2018 Papa Fransisko anakonzanso ndime 2267 ya Katekisimu, kuti chilango cha imfa nchosaloledwa chifukwa chimaphwanya ulemu wa munthu. Ngati zili choncho kwa wanzeru zake, kuli bwanji kwa wodwala?

Nkhaniyi ikutikhudza ndi ife kuno. Kufikira mu 2007, aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha m'Malawi ankagamulidwa kuti anyongedwe, woweruza alibe mpata woganizira za moyo wake. Chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni ndicho chinathetsa zimenezi, ndipo pamene akaidiwo anayamba kuweruzidwanso mu 2015, mabwalo anamva umboni wa matenda a maganizo. Anzathu a ku Zambia anathetsa chilangochi mu 2022, a ku Zimbabwe mu 2024.

Achinyamata anzanga, chilungamo chimayamba mlandu usanachitike. Wodwala misala wa m'mudzi mwathu, amene ana amamugenda ndipo akulu amati analodzedwa, ndi mwana wa Mulungu wofunika mankhwala. Timuthandize kufika kuchipatala, kaya ku Zomba, kaya ku St John of God ku Mzuzu, ndipo tisasiye banja lake lokha. M'mapemphero athu a m'Miphakati sabata ino, tikumbukire ophedwa ndi abale awo, akaidi odwala, ndi oweruza milandu, kuti Ambuye awapatse nzeru ndi mtima wachifundo.