Ambulansi ya ku Neno ikhale tsidya liti la mtsinje?

Namondwe wa Freddy ataomba chigawo chakummwera mu Malichi 2023, Neno inali m'gulu la maboma amene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anawalengeza kuti ndi malo a ngozi. Kumbuyoku kunali namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Idai mu 2019. Mvula yotereyi ikadutsa, dandaulo limene limamveka msanga ndi loti maambulansi ndi ochepa, ndipo andale amathamangira kulonjeza galimoto zatsopano. Dandauloli ndi loona. Koma ku Neno chimene chimapulumutsa wodwala pa tsiku la chigumula ndi malo amene galimoto inagona usiku wa dzulo lake, ndi mafuta amene ali m'thanki mwake.

Maonekedwe a bomali ndiwo akuchititsa zimenezi. Neno inapatuka ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 138,000. Zipatala zazikulu ndi ziwiri, cha pa boma kumtunda ndi cha Lisungwi kumunsi, ndipo matenda olemera amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Zipatala zazing'ono monga Dambe ndi Nsambe zili kumapiri, kumene msewu wafumbi umasanduka thope loterera mvula ikangogwa masiku awiri. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi ikadzaza imagawa bomali zigawozigawo. Ambulansi imene yaimikidwa pa boma iyenera kuyenda ulendo wopita ndi wobwerera kuti itenge mayi amene akutaya magazi atabereka, ndipo madzi akakwera pa mlatho umodzi wokha, ulendo wonsewo watha. Apo anthu amabwerera ku machira.

Amene amati tigule galimoto zambiri ali ndi mfundo yomveka. Ngozi imachulukitsa odwala nthawi imodzi: ovulala ndi nyumba zogwa, amayi oyembekezera amene tsiku lawo lakwana, ndiponso kolera, monga mmene inavutira dziko lonse mu 2022 ndi 2023. Galimoto imodzi ikapita ku Blantyre, ena onse amadikira. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lagwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo ku Neno kuyambira 2007, lathandiza kuti zipatala za m'bomali zikhale ndi mphamvu, koma chipatala chabwino n'chopanda phindu kwa munthu amene sanafikeko. Chovuta n'chakuti galimoto yogulidwa imafuna dalaivala, matayala, makaniko ndi dizilo mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zimenezi zimachokera m'thumba lomwelo logulira chakudya cha odwala. Zaka zimene mafuta akhala akusowa m'dziko muno zaonetsa kuti ambulansi yatsopano imathanso kugona pabwalo.

Ena amati zonsezi n'kutaya nthawi, timalize kaye msewu. Anthu a ku Neno adikira msewu wa phula wa Tsangano-Neno-Mwanza kwa zaka zambiri, ndipo kukwiya kwawo n'koyenera, pakuti msewuwo udzafupikitsa ulendo wa wodwala komanso wa mlimi wa mbatata ndi tirigu. Komabe msewu umodzi sudzafika m'mudzi uliwonse, ndipo Freddy anakokolola ngakhale misewu ya phula, mpaka madera ena a kummwera anafikiridwa ndi mabwato ndi ndege za helikopita, zina zochokera ku Tanzania. Mayi amene adzabereke mu Febuluwale akubwerayu sangadikire kontrakitala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira imene ili m'manja mwa khonsolo ndi ofesi ya zaumoyo lero ndi kugawa galimoto mvula isanayambe. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za namondwe kudakali masiku angapo, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imafalitsa chenjezolo. Nthawi imeneyo imakwana kuika galimoto yolimba, yokoka ndi matayala onse anayi, kutsidya lililonse la mitsinje yovuta, pamodzi ndi dalaivala, namwino ndi migolo ya dizilo. Imakwananso kusamutsira amayi amene ali pafupi kubereka ku chidikiro. Kumene galimoto singadutse, njinga yamoto yokhala ndi bedi imathandiza. Kafukufuku wa ku Mangochi wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti njinga zoterezi, zikamakhala pa chipatala chakumudzi, zinkachepetsa ndi maola angapo nthawi yofikitsa mayi ku chipatala chachikulu, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi galimoto.

Pali mantha oti galimoto ikakhala kutali ndi maso a akuluakulu imayamba kunyamula makala ndi maliro, ndipo mafuta amatha osadziwika kumene apita. Izi zimachitikadi, koma mankhwala ake ndi buku lolembamo ulendo uliwonse, loonedwa ndi komiti ya chipatala ndi mafumu, komanso kubweza galimotozo pa boma mvula ikatha mu Epulo. Choncho phungu kapena bungwe likabwera ndi makiyi a ambulansi yatsopano, khonsolo iyambe yafunsa kuti galimotoyo idzagona kuti mu Januwale, ndipo ndani adzalipira dizilo wake.