Nkhokwe Yaing'ono ya Kunsonga kwa Chala

Lolemba lililonse m'mawa, ana asanalowe m'kalasi, ndimawaimika pamzere kuti atambasule manja. Zikhatho zambiri zimakhala zoyera ndithu, pakuti amayi awo amayesetsa. Koma ndikati, "Tembenuzani," mpamene mlandu umaoneka: kunsi kwa zikhadabo kuli mzere wakuda bii, ngati wina walembamo ndi khala. Kale, ndikali mphunzitsi wachinyamata, mlanduwu ndinkauweruza ndi rula pa zala. Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira, chifukwa mwana wa Sitandade 2 sadziwenga yekha. Rula ija inkagwera wosalakwa.

Kodi m'mzere wakudawo mumakhala chiyani? Si dothi lokha ai. Pansi pa chikhadabo pali kampata kofunda ndi konyowa, kamene madzi amangokalambalala tikamasamba mothamanga. Mu 1988 akatswiri a ku University of Pennsylvania, ku America, atayesa manja a anthu, anapeza kuti kampata kameneka kamasunga tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka koposa mbali ina iliyonse ya dzanja.

Makolo anzanga, taganizani za njoka zam'mimba zing'onozing'ono zija, zoyera ngati ulusi. Usiku mwana akagona, yaikazi imatuluka nkukaikira mazira ake kunja, panjira yotulukira chimbudzi. Pamalopo pamayabwa, mwana amakanda ali m'tulo, ndipo mazirawo amakanirira m'zikhadabo. Kukacha, chala chomwecho chimalowa m'kamwa, kapena chimatema nsima m'mbale imene akudyeramo pamodzi ndi abale ake. Ngakhale mumpatse mankhwala lero, masabata pang'ono zabwereranso, inu nkumati mankhwala a masiku ano ngosagwira. Chonsecho mbeu yasungika bwino m'nkhokwe ya kuchala.

Njoka zazikulu zija, zimene zimafika masentimita 30, nazonso zili ndi njira yake. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo m'nthaka amatha zaka asanafe. Mtsikana wosewera phada ndi mnyamata woumba ng'ombe zadothi kuseri kwa nyumba amawatola osadziwa.

Tsono pali mwambo wathu wosambira m'mbale imodzi: ayambe bambo, atsatire amayi, wamng'ono atsirize ndi madzi amene asanduka kale thope. Ulemu ulipo, sindikana, koma wofooka ndiye amalandira litsiro la banja lonse. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, anatiphunzitsa kuthirirana madzi ndi kuika mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Mliri utangopita, ambiri tinabwerera ku mbale ija. Thiriranani madzi, pakani sopo, ndipo pokani nsonga za zala m'chikhatho cha dzanja linalo kwa masekondi 20. Sopo akasowa, phulusa loyera liposa madzi okha.

Zikhadabo za m'manja zimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, motero kuwenga kamodzi pa sabata nkokwanira. Sankhani tsiku, monga Loweruka madzulo ana atangosamba, pamene zikhadabo zafewa. Musalowetse kwambiri mpaka kumnofu. Lezala limodzi lisayende banja lonse, chifukwa likatema munthu limatha kutengera mnzake matenda oyenda m'magazi, monga a chiwindi. Woluma zikhadabo ndi mano adziwe kuti akudya zonse ndatchulazi popanda ndiwo.

Kwa inu achinyamata: ndaona anyamata osunga chikhadabo chachitali pa kachala kotsiriza, ndi atsikana omata zikhadabo zogula. Kukongola kwake ndikusiyirani inu, maso anga ndi akale. Koma amene amaphika, kusenda zipatso kapena kudyetsa khanda phala adziwe kuti utoto wofiira umangobisa mzere wakuda uja. Mphwanga wina anandiyankha kuti chake nchokandira m'khutu. Madzulo ake ndinamuona akugawira ang'ono ake nsima ndi dzanja lomwelo.