Logibuku yasanduka chotsekera pakamwa

Azichemwali amene mwangoyamba kumene za unamwino kapena ukilinisha ku Mzuni, ku St John of God kapena ku Ekwendeni, bwerani kuno tikambirane. Pali phunziro lina silili pa timetable koma atsikana ambiri amalikhoza chaka choyamba: mukasemphana ndi munthu, tsekani pakamwa.

Pagulupu mnyamata azemba gawo lake, mtsikana achezera usiku wonse kulemba yekha kuti "pasakhale zokangana". Kuwodi wamkulu akukalipira pamaso pa odwala ndi magadiyani, iwe n'kumangoti "pepani asisita" pomwe sunalakwe. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: logibuku. Wakukalipirayo ndi yemwenso akusayinire kuti wabaya jakisoni, waika kanyula, wathandiza mayi kuchira. Popanda siginecha yake supita patsogolo. Ndiye mnyamata akayankha akuti ndi wolimba mtima, mtsikana akayankha akuti ngwamwano, sanaleredwe. Eti zoona?

Ena akuti pirirani, nafenso tinadzera momwemo. Ayi! Wophunzira amene mwamuzoloweza kuopa ndi yemweyo mawa adzaone mlingo wa mankhwala wolakwika pafayilo ya mwana n'kungozyolika. Ganizirani chipatala ngati Mzuzu Central, chomwe chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay mpaka Likoma. Munthu wayenda ulendo wonsewo adakapweteka chifukwa amene anaona cholakwika amaopa kuti samusayinira?

Komanso tisaphatikize nkhani. Kulimbana pa shifiti kapena pa ntchito ya pagulupu kumatha pokhala pansi awiri, zikakanika muitane mphunzitsi. Koma wina akati "tionane weekend ndikusayinire", umenewo si mkangano, ndi mlandu. Gender Equality Act ya 2013 imati wozunza mnzake pomufuna zogonana chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende, ndipo Malawi Human Rights Commission ndiyo inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Sungani mameseji, lembani tsiku ndi nthawi, uzani mnzanu tsiku lomwelo.

Inu akuluakulu a makoleji onse azaumoyo, tsogolo la mwana lisapachikike pa cholembera cha munthu mmodzi. Wophunzira azitha kusayinitsa kwa wina akasemphana ndi womuyang'anira, ndipo dandaulo lake lizimvedwa ndi munthu amene sadzachonga mayeso ake.