Mawu amene ankawamva anali ndi mwini wake

Sabata ino ndikuuzeni za mchemwali wina wa m'banja mwathu, amene dzina lake ndilisunga. Makolo ake anamwalira ali ndi zaka 6, ndipo anakakulira kwa amalume ake. Kumeneko kumenyedwa kunali kwa tsiku ndi tsiku, kugona ndi njala chimodzimodzi, ndipo zina zimene zinkachitika usiku anadzatiululira patapita zaka zambiri. Atafika zaka 23, ali pabanja kale, anayamba kumva mawu a munthu amene ife sitinkamuona. Mawuwo ankamutukwana kuti ndi wachabechabe. Mazenera ankawatchinga ndi zitenje ponena kuti pali anthu akumuzonda.

Tinachita zimene ambiri timachita. Ena anati walodzedwa, ena anati ndi ziwanda. Mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga. Kuchipatala tinafika mochedwa, anamupatsa mankhwala a haloperidol, mawu aja anachepa ndipo anayambanso kupeza tulo. Koma palibe mmodzi wa ife, ngakhale ine wokonda kufunsa mafunsone, amene anamufunsa kuti mawuwo akumveka ngati a ndani. Anadzafunsa ndi namwino wina patapita miyezi. Anali mawu a amalume aja, amene panthawiyo anali atagona kale kumanda.

Madokotala akhala akuliona khalidwe limeneli. Mu 1992, dokotala wa ku America, Judith Herman, analemba kuti nkhanza zobwerezabwereza zimene munthu sangathe kuzithawa zimasiya bala losiyana ndi la ngozi ya tsiku limodzi. Bungwe la WHO linaika vutoli, lotchedwa complex PTSD, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Mu 2012, akatswiri motsogozedwa ndi Filippo Varese anaphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana napeza kuti amene anazunzidwa ali ana ali pachiopsezo chochuluka pafupifupi katatu chodzadwala matenda omva mawu ndi kukhulupirira zinthu zomwe palibe.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Mwana wokulira m'mantha amaphunzira kumvetsera mapazi pakhomo ndi kuwerenga nkhope ya wamkulu. Thupi lake limakhala tcheru usana ndi usiku, ndipo silidziwa kuti zoopsa zija zinatha. Akakula, chikumbumtima chowawa chimatha kubwera ngati mawu ochokera kunja, ndipo kukayikira kumene kunamupulumutsa ali mwana kumasanduka kuopa aliyense.

Musandimve molakwa. Si aliyense wozunzidwa amene amadwala, ndipo si aliyense wodwala amene anazunzidwa. Chamba chili ndi gawo lake, zakumtundu zilinso ndi gawo lake. Malungo aakulu nawonso amasokoneza mutu, n'chifukwa chake kupimidwa kuchipatala n'koyamba.

Mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone amathandiza ndithu, ngakhale ena amaumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja kapena kunenepetsa. Zikatero kauzeni dokotala asinthe, osangosiya nokha. Chimene mapiritsi sangachite ndi kumva nkhani ya munthu. Herman anati thandizo liyambe ndi kuonetsetsa kuti wodwala ali pamalo otetezeka, kenako afotokoze zimene zinamuchitikira pang'onopang'ono kwa mlangizi wophunzitsidwa, ndipo pomaliza abwerere pakati pa anzake. Kale madokotala ankaopa kuti kukumba zakale kuwonjezera matendawa, koma kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2015 anaonetsa kuti uphungu wotere, kuphatikizapo njira ya EMDR, umathandiza ngakhale odwala omva mawu popanda kuwaipitsira.

Kuno kwathu tili ndi chipatala cha Zomba Mental, cha St John of God ku Mzuzu, komanso anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za maboma. Alangizi ndiwo ochepa kwambiri, pomwe ana amasiye okulira m'manja mwa anthu ouma mtima ndi osawerengeka. Ndimaganiziranso anzathu a ku Dzaleka amene anathawa nkhondo ya zaka ndi zaka.

Mchemwali uja akumwabe mankhwala, ndipo amakaonana ndi namwino uja mwezi uliwonse. Amagulitsa tomato pamsika. Mawu aja amabwerabe nthawi zina, makamaka akagona mochedwa kapena akamva mwamuna akukalipira mwana. Akabwera, akuti amawayankha kuti amalume, munamwalira inu, n'kupitiriza kusanja tomato wake.