Kodi Nzeru za M'mayunivesite Athu Akusunga Ndani?

Makolo ambiri m'maparishi mwathu amagulitsa chimanga, fodya, ngakhale mbuzi yotsiriza m'khola, kuti mwana akaphunzire ku yunivesite. Tili ndi ufulu tsono wofunsa: kodi nzeru zopezeka m'masukulu amenewa zimathera kuti? Ife tikunena mosapsatira mawu kuti zambiri zikutayika, chifukwa anthu ophunzira omwewo sanazindikire kuti nzeru nazo zimafuna nkhokwe ndi mlonda, monga momwe chimanga chifunira.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1965. Kuchokera nthawi imeneyo aphunzitsi ndi ophunzira alemba zambiri za nthaka, mbewu, malungo ndi miyambo yathu. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1968, akatswiri a yunivesiteyi anaifufuza kwa zaka zingapo, nalemba momwe nsomba zinathera ndi momwe zinabwererera. Nyanjayo inaumanso mu 1995. Kodi msodzi wa pa doko la Kachulu anamvako chiyani pa zolembedwazo? Nzeru zogona pa shelefu m'Chingerezi, kutali ndi eni vuto, zili ngati mankhwala otsekeredwa m'kabati wodwala akubuula pakhomo.

Ndipotu shelefuyo si malo odalirika. Mu 1919 moto unapsereza likulu la maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi makalata akale a dziko lino. Pa 18 December 2015 moto unatentha laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Buku losindikizidwa ku London tingaligulenso, koma kafukufuku wa mwana wathu, wolembedwa kope limodzi, akapsa wapita. Madzi akatayika saoleka.

Palinso moto wina wosaoneka utsi. Nzeru zili mitundu iwiri: zolembedwa, ndi zokhala m'mutu ndi m'manja mwa munthu. Mphunzitsi amene watumikira zaka makumi atatu amadziwa mudzi umene umasunga mbewu zamakolo, mfumu yoyenera kuyamba kuipempha chilolezo, ndi njira zimene anaziyesa nizikanika. Tsiku lopuma pantchito timamutsazika ndi phwando ndi mphatso, koma palibe wokhala naye pansi kumufunsa ndi kulemba. Womlowa m'malo amayambanso pachiyambi, nawononga ndalama kufufuza zomwe zinadziwika kale. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ena adzati ndalama palibe. Zoonadi masukulu athu ngosauka, koma kodi kulamula kuti wophunzira aliyense wotsiriza digiri apereke kope la pakompyuta, losungidwa malo awiri otalikirana, kumafuna ndalama zingati? Enanso adzati makompyuta anagulidwa kale, intaneti ilipo. Amenewa ndiwo asokera koposa. Kompyuta ndi nkhokwe chabe. Ngati palibe wotutiramo, wosanja ndi wotapamo, ingokhala chokongoletsa ofesi. Chosowa chenicheni ndi mtima wogawana. Alipo ophunzira kwambiri amene amabisira anzawo zomwe apeza poopa kupitiriridwa, kuiwala kuti amene anawaphunzitsa ndi misonkho ya anthu osauka.

Nkhaniyi yakula tsopano popeza mayunivesite achuluka. Ya Katolika inatsegulidwa ku Nguludi mu 2006, ya MUST ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kupanga MUBAS ndi KUHeS. Sukulu iliyonse ikamakumbatira zake, wa ku Zomba adzabwereza ntchito yomwe wa ku Blantyre anaitsiriza kale. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha zinthu zitatu. Yunivesite iliyonse ikhale ndi lamulo lolembedwa la kasungidwe ndi kagawidwe ka nzeru zake, ndi munthu woyankhapo. Mphunzitsi asapume pantchito asanasiyire achinyamata zomwe akudziwa. Kafukufuku wokhudza mudzi abwerere kumudziko mwachidule, m'chilankhulo cha eni ake, kudzera pa wailesi ndi kwa alangizi.

Nanunso makolo musadzichepetse poti simunaphunzire. Mwana wanu akabwera ndi digiri, mufunseni: unalemba za chiyani, zasungidwa kuti, ndipo atiwerengere ndani? Thukuta lanu lili m'mapepala amenewo.