"Put off" si kuzimitsa nyali

Ku Chanyanya, ku Kafue mtauni ngakhale ku Lusaka, ambiri a ife tinakula tikumva "put off the light". Panyumba aliyense amamva kuti azimitse nyali, ndipo palibe mlandu. Koma m'Chizungu chimene ECZ imafuna pa mayeso a Grade 12, "put off" ndi kukankhira chinthu ku tsiku lina. Kuzimitsa nyali ndi "switch off", kuzimitsa moto wa pambaula ndi "put out".

Kusiyana kumeneku kumadya ndalama. Uthenga ubwera pa foni kuti interview ya ntchito "has been put off". Munthu aganiza kuti yazima, safunsanso tsiku latsopano, ntchito ipita kwa wina. Mnzake auzidwa kuti msonkhano "has been called off". Wamva "call", aganiza kuti amuitana, alipira galimoto mpaka ku Kafue, apeza chitseko chotseka. Chonsecho "call off" ndi kuthetseratu.

Chimene chimatikwiyitsa ndi anzathu odziwa Chizungu amene amathamangira kuseka pa Facebook m'malo mofotokoza. Tikawapempha kuti atimasulire m'Chinyanja, amati Chizungu chimaphunziridwa m'Chizungu basi. Limenelo ndi bodza. Ungadziwe "put", ungadziwe "off", koma akakhala pamodzi tanthauzo lake sungalilote. Uyenera kuuzidwa, ndipo umamva msanga m'chinenero chimene umaganizira.

Chinyanja chathu chimachitanso zomwezi. Kutseka ndi kutsegula, kuvala ndi kuvula, kumanga ndi kumasula: kachidutswa kakang'ono kakumapeto katembenuza zonse. Ife timakalumikiza ku mneni, Chizungu chimakaika pambali ngati "off", "out" kapena "up". Mwana amene sasokoneza kuvala ndi kuvula sangalephere zimenezi atapeza womufotokozera.

Choncho tisiye kuloweza "put" payekha. Tikakumana ndi mawu otere, tiwalembe onse pamodzi, tanthauzo lake m'Chinyanja pambali, kenako chiganizo cha moyo wathu. Kupha nsomba mu Kafue kumatsekedwa pa 1 December mpaka kumapeto kwa February. Msodzi wa ku Chanyanya amene wadikira March kuti agule ukonde watsopano wachita "put off". Amene wathetsa ulendo wa pamadzi chifukwa cha mphepo wachita "call off".

Safunsa anadya phula. Ndipo inu odziwa, tikakufunsani, yankhani m'Chinyanja.