Jakobo, Munthu Woima Pambali pa Izeki

Mukati "a Eric Mabedi" pa msika wa Kamuzu Road kuno ku Salima, ena adzayamba akanda m'mutu. Koma mukangoti "Jakobo," ngakhale amayi ogulitsa usipa adzamwetulira, nadzaonjeza okha kuti, "mnzake wa Izeki." Dzina la m'sewero linameza dzina la makolo, ndipo mwini wake analisenza zaka zoposa 30 osatopa nalo.

A Mabedi anakulira m'gulu la Kwathu Drama Group la ku Blantyre, limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo zisudzo zolemekezeka zinali za m'Chingerezi: ana a sekondale ankapikisana pa mpikisano wa ATEM, ndipo mu 1987 a Du Chisiza Jr anayambitsa gulu lawo la Wakhumbata. A Kwathu anasankha Chichewa, kotero kuti agogo ndi mdzukulu ankatha kukhala pa benchi imodzi ku French Cultural Centre, naseka nthabwala imodzi. M'gulu limeneli ndimo a Mabedi ndi a John Nyanga anaumbira anthu awiri aja, Izeki ndi Jakobo. Wailesi ya kanema ya Television Malawi itatsegulidwa mu 1999, awiriwa analowa m'nyumba za anthu, nafika ndi m'tinyumba toonetsera kanema ta ku Senga Bay ndi ku Chipoka.

Tsono taonani chimene ambiri sachiona. Woseketsa pamaso pa anthu anali Izeki, ndi mayankho ake okhotakhota. Koma yankho lokhota silingaseketse popanda funso lolunjika. Wofunsayo anali Jakobo. Iye ndiye ankadabwa pamene ife oonera tinayenera kudabwa, nakwiya pamene tinayenera kukwiya, nakhala chete mpaka phwete la anthu litatha, kuti mawu otsatira asamire m'phokoso. Akadafulumira pang'ono, nthabwala ikadafa; akadachedwa, ikadazizira. Ife a kunyanja tikudziwa za usodzi wa chilimira: amene ali kumtunda usiku amaona nyali za siginala zokha, pamene alovi okoka khoka ali mumdima, chikhalirecho usipa ufika pa thandala ndi manja awo.

Ndiponso kuchoka pa nsanja kupita pa kanema si ulendo wapafupi. M'holo munthu amakweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo amve ndi kuona. Kamera imabwera pafupi ndi nkhope, ndipo chimene chinali chokoma m'holo chimaoneka chonyanya. Alipo ochita zisudzo amene anagwa pa mlatho umenewu. A Mabedi anaoloka, nabwereranso ku nsanja kawirikawiri, pakuti sanasiye kuyenda ndi Kwathu m'maboma.

Wina amene tiyenera kumutchula ndi malemu a Hope Chisanu, muulutsi amene anachitanso m'mafilimu. Mu The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, ya mu 2012, anakhala Yusufu, msodzi wa pa nyanja yathu yomweyi amene nsomba zikumuthawa pamene alendo oona malo akuchuluka. Amene anaionera kuno anazindikira atate awo mwa munthu ameneyo. 

Kwa inu achinyamata, nkhaniyi ikukhudzani. Ife aphunzitsi tikamakonza sewero lotsekera sukulu, ana onse amakweza manja kufuna kukhala mfumu kapena chitsiru choseketsa. Malo a wofunsa, a mboni, a mlonda wa pakhomo, amatsalira amene wachedwa kufika. Chonsecho pa tsikulo sewero limagwera pomwepo: mfumu yaloweza mawu ake bwino lomwe, koma womuyankha akuyang'ana kwa amake m'gulu la anthu, ndipo mfumuyo ingoti kakasi. Zimachitikanso m'masewero a Khirisimasi, pamene aliyense afuna kukhala Herode chifukwa cha chisoti ndi ukali wake.

Nanga makolo? Ambiri amati zisudzo ndi chibwana, ndipo mantha awo sitiwapeputsa. M'dziko muno ochepa okha ndiwo adya za pa nsanja. Ambiri a iwo amagwira ntchito zina masana, nakonzekera sewero madzulo atatopa. Mwana asasiye sukulu chifukwa anzake anamuombera m'manja tsiku limodzi. Koma kumuletseratu n'kumumana maphunziro amene ife m'kalasi timavutika kuwapereka: kumvetsera mnzako mpaka amalize, kusunga nthawi, kuloweza, ndi kuyankhula momveka pamaso pa akulu. Mwana wotere tidzamufuna mawa powerenga Mawu m'kachisi kapena poyankhula pa bwalo la mfumu.

A John Nyanga anamwalira mu 2016. Ambiri anayesa kuti Jakobo watha naye pamodzi, pakuti wofunsa adzafunsa yani? Koma a Mabedi anapitiriza kutsogolera Kwathu, akusewera anthu ena m'masewero atsopano pamodzi ndi a Charles Mphoka ndi anzawo, ngakhale oonera sanaleke kuwaitana Jakobo. Anatero zaka 5, kufikira imfa yawo mu Ogasiti 2021.